Mtengo wa kasitomala watsopano: njira zosinthira intaneti ya panyumba ku Britain

Kuyambira mu Febuluwale 2020, kampani iliyonse yogulitsa intaneti ya panyumba ku Britain imakakamizidwa ndi Ofcom, bungwe loyang'anira za matelefoni ndi zoulutsa mawu m'dzikolo, kukudziwitsani kontirakiti yanu ikatsala pang'ono kutha. Uthengawo uyenera kukupezani kutatsala masiku apakati pa 10 ndi 40, kaya pa imelo, pa meseji kapena pa kalata. Umanena tsiku limene kontirakiti ikutha, ndalama zimene mukulipira panopa, zimene mudzayambe kulipira mukangokhala chete, komanso mitengo yabwino imene kampaniyo ingakupatseni. Ambirife uthengawu umatipeza tili m'basi pochokera ku shifiti ya usiku, n'kungoti tiona mawa. Pakapita miyezi iwiri mpamene timadabwa kuti Direct Debit, njira imene kampani imadzitengera yokha ndalama ku akaunti yathu ya kubanki, yadula zochuluka, chonsecho kampani yomweyo ikutsatsa intaneti yomweyo pamtengo wotsika kwambiri, ndi timawu ting'onoting'ono m'munsi mwake tonena kuti ndi za makasitomala atsopano okha.

Ndiye Mmalawi amene ali ku Leicester, Manchester kapena Nottingham amafunsa anzake kuti, kodi ineyo ndingakhale bwanji watsopano? Mayankho amabwera ambiri. Wina akuti samuka, wina akuti aopseze kuti ukuchoka, wina akuti lembetsa m'dzina la akazi ako. Njira zimenezi sizilingana pa phindu ngakhale pa chiopsezo, ndipo yomwe imatchuka kwambiri pamacheza ndi yomwe ine sindiikhulupirira.

Watsopano amasankha ndi kampani

Palibe lamulo la boma lonena kuti kasitomala watsopano ndi wotani. Ofcom imayang'anira kasamukidwe, kutalika kwa kontirakiti, kumene sikuyenera kupitirira miyezi 24, ndi kakwezedwe ka mitengo. Koma woyenera kulandira mtengo wotsatsa, kampani iliyonse imadzilembera yokha m'mfundo za malondawo, ndipo mfundozo zimasintha kuchoka pa malonda amodzi kupita pa ena.

Kawirikawiri amayang'ana dzina la munthu, adilesi ya nyumba, ndi nthawi imene yadutsa chichokereni. Ena amangoti munthuyo asakhale ndi akaunti panopa. Ena amati pa adilesiyo pasakhale aliyense wa m'banjamo amene anali kasitomala wawo m'miyezi yakutiyakuti yapitayi. Chiwerengero cha miyezicho musachimvere kwa mnzanu amene anasamuka zaka ziwiri zapitazo, chiwerengeni nokha pa tsamba la malonda amene mukufunawo tsiku limene mukulembetsa, ndipo jambulani tsambalo musunge.

Palinso nkhani ya ubale wa makampani. BT, EE ndi Plusnet ndi a banja limodzi. NOW ndi ya Sky. Virgin Media inaphatikizana ndi O2 mu 2021, ndipo Vodafone ndi Three anaphatikizana mu 2025. Malonda ena amanena poyera kuti amene ali kale m'banjamo sakuwerengedwa. Komabe kukhala ndi simu ya foni ya kampani inayake nthawi zambiri sikukuchotserani mwayi wa intaneti ya panyumba. Mwinanso kumakuwonjezerani: amene ali ndi O2 pa foni ndi Virgin Media panyumba amapeza zowonjezera zotchedwa Volt, ndipo Vodafone ndi EE nawonso amakhala ndi zokopa anthu amene atenga zonse ziwiri kwa iwo.

Waya ndi wa ndani

Musanayambe kuyerekeza mitengo, dziwani mawaya amene afika pakhomo panu, chifukwa ndi amene akuuzeni kuti muli ndi mphamvu zochuluka bwanji pokambirana. Mawaya ambiri m'dzikolo ndi a Openreach, kampani ya m'gulu la BT. BT, EE, Plusnet, Sky, NOW, TalkTalk, Vodafone ndi Zen onse amagulitsa intaneti yodutsa m'mawaya amenewa. Zili ngati maminibasi a pakati pa Limbe ndi Blantyre: msewu ndi womwewo, chosiyana ndi kondakitala ndi mtengo wake. Mukachoka ku Sky kupita ku Plusnet pa waya womwewo, liwiro silisintha kwenikweni. Chimasintha ndi rauta (kabokosi kogawa wifi m'nyumba), bilu, ndi anthu amene muziyankhula nawo zinthu zikavuta.

Virgin Media ili ndi mawaya akeake. CityFibre yayala faiba, mawaya amakono othamanga kwambiri, m'matauni ambiri ndipo imabwereketsa kwa Vodafone, TalkTalk, Zen ndi ena. Hyperoptic imapezeka kwambiri m'mafulati, Community Fibre ili ku London, Gigaclear imalowa m'midzi. Ku Hull nkhani ndi ina, kumeneko mawaya akale ndi a KCOM, osati a Openreach. Lembani postcode yanu pa masamba oyerekezera mitengo monga Uswitch, MoneySuperMarket kapena MoneySavingExpert muone amene akufika pa nyumba yanu. Makampani ang'onoang'ono a faiba sapezeka onse pa masamba amenewa, choncho kapepala kamene kanaponyedwa pachitseko musafulumire kukataya.

Ngati pa msewu wanu pali mawaya a makampani awiri kapena atatu, muli pabwino. Mutha kumasinthasintha kontirakiti iliyonse ikatha, ndipo pomadzabwerera ku kampani yoyamba padzakhala patapita miyezi 18 kapena 24, nthawi imene kawirikawiri imakwanira kuti akuwerengeninso ngati watsopano.

Kusamukadi

Iyi ndiye njira yowongoka, ndipo kuyambira pa 12 Sepitembala 2024 inaphweka kwambiri chifukwa cha dongosolo la One Touch Switch. Kale, wochoka ku Virgin Media kupita ku kampani ya pa Openreach ankayenera kuimbira foni mbali zonse ziwiri, kupereka notisi, n'kumayesa kulinganiza masiku yekha kuti asalipire kawiri kapena kukhala sabata yathunthu wopanda intaneti. Masiku ano mumangopita ku kampani yatsopano. Mumaipatsa dzina, adilesi ndi dzina la kampani yakale, iyo ndiyo imalumikizana ndi anzakewo. Kampani yakale imakutumizirani uthenga wonena zimene mutaye ndi chindapusa chilichonse ngati mukuchoka kontirakiti isanathe. Mukaona kuti zili bwino mumavomereza, tsiku losamukira limaikidwa, ndipo kampani yakale siloledwa kukulipiritsani ndalama za notisi kupyola tsiku limenelo.

Apa pali dzenje limodzi limene anthu amagweramobe chifukwa cha chizolowezi: kuimbira kampani yakale kuti aidule okha asanalembetse kwatsopano. Musatero. Mukadula nokha mwatuluka m'dongosolo lija, ndipo vuto la masiku opanda intaneti mwaliitana nokha. Onetsetsaninso kuti dzina ndi adilesi zimene mukupereka zikufanana ndendende ndi zimene zili pa bilu yakale. Amene amakhala m'mafulati olembedwa mosiyanasiyana, kwina Flat 2 kwina 14B, ndi amene makompyuta amalephera kuwapeza. Khalani ndi nambala ya akaunti pafupi.

Kusamukako kukachedwa kapena mukakhala opanda intaneti kupitirira tsiku limodzi logwira ntchito, muyenera kupepesedwa ndi ndalama. Makampani akuluakulu ambiri alinso m'dongosolo la Ofcom la chipukutamisozi chongobwera chokha, limene linayamba mu Epulo 2019: injiniya akapanda kubwera tsiku limene munapangana amalipira ndalama yoposa £30, ndipo tsiku lililonse limene intaneti yatsopano yachedwa kuyamba amalipira pafupifupi £6. Ndalamazi zimalowa pa bilu. Makampani ena ang'onoang'ono sali m'dongosololi, funsani musanasaine.

Mukalembetsa pa intaneti kapena pa foni muli ndi masiku 14 oti musinthe maganizo. Nthawi imeneyi ndi yamtengo wapatali, tibwererako.

Tsopano masamu, chifukwa mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu si umene mudzalipire. Kwa zaka zingapo makampani ankakweza mitengo pakati pa kontirakiti potengera kukwera mitengo kwa zinthu m'dziko n'kuwonjezerapo 3.9 peresenti. Mu 2023 zimenezi zinachititsa kuti makasitomala a BT, EE ndi Plusnet akwezeredwe ndi 14.4 peresenti kamodzi. Ofcom inaletsa kachitidwe kameneka pa makontirakiti atsopano kuyambira pa 17 Januwale 2025. Kukweza sikunathe ayi, koma tsopano ayenera kukuuzani pasadakhale, m'mapaundi ndi mapeni, kuti adzakweza zingati ndiponso liti. Ambiri amawonjezera £3 kapena £4 pamwezi, kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo chaka chilichonse.

Tinene kuti kampani ina ikutsatsa £25 pamwezi kwa miyezi 24, mwalembetsa mu Okutobala, ndipo idzakweza £4 Epulo aliyense. Miyezi 6 yoyamba mulipira £150, miyezi 12 yotsatira pa £29 mulipira £348, miyezi 6 yomaliza pa £33 mulipira £198. Zonse pamodzi ndi £696, kutanthauza £29 pamwezi. Kampani ina yotsatsa £28 yosakwera mpaka kumapeto ikudyerani £672 yokha. Yooneka yodula pa chikwangwani ndiyo yotsika. Wonjezerani ndalama zolumikizira ngati zilipo, chotsani vocha kapena cashback (ndalama zimene amakubwezerani mukalembetsa), gawani ndi miyezi ya kontirakiti. Nambala imene yatsalayo ndiyo yoyerekeza nayo.

Za vocha ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi pamene mawu oti watsopano amaluma kwambiri. Khadi la mphatso la £50 kapena £100 nthawi zambiri silibwera lokha. Pamabwera imelo patapita masabata kapena miyezi intaneti itayamba, ndipo muli ndi nthawi yochepa yoti mulifunse. Imeloyo imakonda kukagwera mu spam. Ndalama za masamba a cashback monga TopCashback kapena Quidco nazo zimatenga miyezi, ndipo kampani imatha kuzikana ikapeza kuti simunali watsopano, kapena kuti munadutsira pa tsamba lina musanamalize kulembetsa. Ndalama zimenezi muziwerengere ngati zapamwamba. Ngati malondawo akuoneka abwino chifukwa cha vocha yokha, si abwino.

Zotsala ndi zing'onozing'ono koma zimadya ndalama. Rauta ya makampani ambiri ndi yobwereka, mukapanda kubweza amakulipiritsani, choncho sungani risiti ya ku positi. Ngati mumagwiritsa ntchito imelo ya kampani yakale ku banki, ku Home Office kapena kwa dokotala wanu (GP), isintheni musanachoke chifukwa imatha kutsekedwa kapena kuyamba kulipiritsa. Nambala ya foni ya m'nyumba, kwa amene adakali nayo, nenani polembetsa kuti mukuifuna. Ndipo ngati mukuchita lendi, faiba yofika m'nyumba imafuna kuboola khoma, kotero pemphani chilolezo cha eninyumba ndipo akuyankheni polemba.

Kwa ongofika kumene pali chipsinjo china: credit check. Makampani ambiri amafufuza mbiri yanu ya ngongole ku Experian, Equifax kapena TransUnion, ndipo munthu amene wangofika miyezi ingapo yapitayo alibe mbiri iliyonse. Chothandiza chimodzi n'chakuti Malawi ndi Zambia ali mu Commonwealth, choncho nzika za maikowa zokhala ku Britain movomerezeka zimaloledwa kulembetsa m'kaundula wa ovota. Kukhala m'kaundulamo kumatsimikizira adilesi yanu kwa ofufuzawo. Akakukanani kamodzi musathamangire kulembetsa kwa makampani asanu tsiku lomwelo, kufufuza kwina kumasiya chizindikiro pa mbiri yanu.

Kukhala pomwepo n'kunenerera

Kusamuka kuli ndi ntchito yake, ndipo si aliyense ali ndi tsiku loti adikire injiniya. Njira yachiwiri ndi kuimba foni n'kunenerera. Ife ozolowera msika sitiyenera kuchita nazo manyazi, koma pali kachitidwe kake.

Munthu woyamba kuyankha foni kawirikawiri alibe mphamvu yochotsa zambiri. Nenani kuti mukufuna kuchoka, akupititsani ku gulu limene ntchito yake ndi kusunga makasitomala. Kumeneko pitani ndi manambala enieni: kampani yakuti ikupereka liwiro lakuti pa mtengo wakuti pa postcode yanga. Yankhulani mofatsa, amene ali mbali inayo ndi wantchito ngati inu. Mtengo woyamba umene anene si womaliza. Mukaona kuti sakutsika, thokozani n'kudula, palibe chokukakamizani kuvomera tsiku lomwelo.

Chimene mungayembekezere ndi mtengo wapakati, wotsika kuposa wa kunja kwa kontirakiti koma nthawi zambiri wosafika pa wa atsopano, ndipo vocha kapena cashback palibe. Dziwaninso kuti mukavomera mwalowa kontirakiti ina ya miyezi 18 kapena 24, yokhala ndi kukwera kwake kwa Epulo. Amakonda kukupatsani liwiro lalikulu m'malo mochotsa mtengo. Dzifunseni ngati mukulifuna. Netflix imati kanema wa 4K amafuna 15 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti), ndipo kuimba vidiyo pa WhatsApp kumudzi kumafuna zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Kukadukaduka, vuto limakhala netiweki ya kumene mukuimbirako kapena wifi ya m'chipinda chanu. Banja la anthu anayi limakhala bwinobwino ndi 100 kapena 150 Mbps. Kulipirira 900 Mbps kuti muzionera mpira ndi kuimba foni ndi kungowapatsa ndalama.

Apa mpamene masiku 14 aja amagwira ntchito. Mukalembetsa ku kampani ina, yakale imadziwa kuti mukupitadi, osati kungoopseza. Nthawi zina mtengo umene unkakanika pa foni umapezeka pamenepo. Ngati wakukomerani, mutha kuimitsa kusamukako. Koma chitani zimenezi msanga, injiniya asanabwere, ndipo pezani chitsimikizo cholembedwa kuchokera mbali zonse ziwiri. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yabwino kwa amene ali wokonzekadi kupita, chifukwa kampani yakale ikhoza kungokhala chete.

Kunenerera kumayenera kwambiri munthu amene pa nyumba yake pali waya umodzi wokha wothamanga. Ngati Virgin Media ikukupatsani mazana a Mbps pamene Openreach pa msewu wanu ikadali ya mawaya akale a kopa osapitirira 70 kapena 80, kusamuka n'kutsika. Kampani nayo ikudziwa zimenezo, choncho musayembekezere zozizwitsa.

Kupita kwa mbale wake

Kuchoka ku BT kupita ku Plusnet, kapena ku Sky kupita ku NOW, kuli pakati pa kusamuka ndi kukhala. Mitengo ya Plusnet ndi NOW imakhala yotsikirapo chifukwa zowonjezera n'zochepa. Waya ndi womwewo. Nthawi zambiri kulembetsa kumatheka popanda vuto, koma zokopa za atsopano, makamaka vocha, ndi zimene zimatha kukanidwa. Werengani mzere wonena za makasitomala a m'gulu lomwelo. Ukakhala kuti palibe, funsani pa chat ya kampaniyo n'kusunga yankho.

M'dzina la amayi kunyumba

Tafika pa njira yotchuka ija. Bambo adula akaunti yawo, mayi alembetsa ngati watsopano pa adilesi yomweyo ndi kampani yomweyo, kontirakiti ikatha asinthananso. Alipo amene zinawayendera, n'chifukwa chake imafalikira. Koma taonani zimene mukuika pachiswe.

Poyamba, iyi si One Touch Switch, chifukwa simukusintha kampani. Muyenera kupereka notisi, kawirikawiri ya masiku 30, kudikira kuti akaunti itsekedwe, kenako kulembetsa mwatsopano. Pakati pamenepo mutha kukhala masiku angapo kapena masabata opanda intaneti, ndipo palibe chipukutamisozi chifukwa mwadzichitira nokha. Kwa amene amagwira ntchito kunyumba kapena ali ndi ana ochita homuweki pa kompyuta, phindu latha kale.

Chachiwiri, ngati mfundo za malondawo zikunena za adilesi kapena za onse a m'nyumba, ndiye kuti mayiwo si watsopano ngakhale dzina lawo silinaonekepo. Dzina la banja lomwelo, akaunti ya kubanki imene mumagwiritsa ntchito awiri, nambala ya foni imene inalembedwa kale, zonsezi kompyuta imaziona. Oda itha kukanidwa, vocha osabwera, kapena mtengo kubwezeredwa pa wamba mutasaina kale. Ndipo mukafunsidwa mwachindunji ngati pa nyumbayo panali akaunti yawo inu n'kukana, mwanama pa mgwirizano wa ndalama. Munthu amene ali pa viza, amene akusamala mbiri yake kuti tsiku lina adzapeze chilolezo chokhazikika kapena ngongole ya nyumba, sindikuona chifukwa choti achitire bodza pa £10 ya pamwezi.

Chachitatu n'chimene sitikonda kukamba. Kontirakiti ndi ngongole ya amene dzina lake lalembedwa. Kulembetsa m'dzina la munthu amene sakudziwa, kaya ndi mkazi wanu, mwana wanu wamkulu kapena mlamu amene anabwerera kumudzi, ndi chinyengo basi. Ngakhale akudziwa, banja likasokonekera kapena mnzanu wokhala naye nyumba akasamuka, bilu yosalipidwa imatsata dzina lake kwa zaka 6 pa mbiri ya ngongole.

Pali nthawi imene kusintha dzina kuli koona: amene anali ndi akaunti wachokadi m'nyumbamo, inu mwatsala, kapena mwalowa m'nyumba imene wolenda wakale anali ndi kampani yomweyo. Pamenepo ndinudi watsopano. Akakayikira, pepala la lendi kapena kalata ya council tax imathetsa nkhani.

Kudula n'kudikira

Ena amakonda kampani yawo kwambiri, kapena ndi yokhayo yothamanga pa msewu wawo, ndiye amadula, n'kugwiritsa ntchito rauta ya 4G kapena 5G mpaka nthawi yoti awerengedwe atsopano itakwana. Three, EE ndi Vodafone amagulitsa marauta otere, ndipo ena amapezeka pa mgwirizano wa mwezi ndi mwezi. Mulibe bodza m'njira imeneyi. Funso ndi masamu okha: ndalama za rautayo ndi mtengo wokwera wa mwezi ndi mwezi zisadye zonse zimene mukufuna kupulumutsa. Ngati nthawi yodikira ndi chaka, bola kungotenga kontirakiti ya miyezi 12 kwina. Yesani kaye netiwekiyo ndi foni m'chipinda chimene rauta idzakhale, madzulo anthu onse atabwerako ku ntchito, chifukwa 5G ya pa mapu a kampani ndi ya m'nyumba ya njerwa zakale za ku England ndi zinthu ziwiri.

Chodabwitsa n'chakuti ena amene anayamba motere sabwereranso ku waya. Kwa munthu wokhala yekha, wa lendi ya miyezi 6, amene ntchito ya care ingamusamutsire tauni ina nthawi iliyonse, rauta yonyamula m'chikwama ndi yanzeru kuposa kontirakiti ya zaka ziwiri ngakhale itatsika bwanji.

Mitengo ya olandira thandizo la boma

Pali mitengo ina yotsika kuposa ya atsopano, yotchedwa social tariff, monga BT Home Essentials, Virgin Media Essential Broadband ndi Sky Broadband Basics. Yambiri imakhala pakati pa £12 ndi £25 pamwezi, siikwera pakati pa kontirakiti, ndipo ngati kampani yanu ili nayo mutha kusamukirako popanda chindapusa. Siifuna kuti mukhale watsopano. Imafuna kuti muzilandira Universal Credit, Pension Credit kapena thandizo lina lotero. Apa mpamene ambiri a ife timagwera kunja, chifukwa viza ya ntchito kapena ya sukulu imakhala ndi lamulo loletsa kulandira thandizo la boma. Koma amene anakhazikika kale, makamaka makolo athu okalamba amene akulandira Pension Credit, ambiri akulipira mtengo wonse osadziwa. Afunseni mukapita kukawaona.

Ngati kontirakiti isanathe

Zonse zili pamwambazi zimakoma kontirakiti ikatha. Pakati pake, kuchoka kuli ndi chindapusa chowerengedwa pa miyezi yotsala, ndipo ikakhala yambiri chimameza phindu lonse. Zitseko zotulukira zilipo zochepa. Kampani ikakweza mtengo mwanjira imene sinalembedwe momveka mu kontirakiti, iyenera kukupatsani masiku 30 oti muchoke mwaulere. Ngati ili m'gulu la amene anasaina mfundo za Ofcom za liwiro, inakupatsani polembetsa liwiro lotsikitsitsa limene ikulonjeza. Likamalephera kufikapo ndipo mwadandaula koma sanakonze m'masiku 30, mutha kuchoka osalipira. Yezani liwirolo ndi kompyuta yolumikizidwa ndi waya ku rauta, chifukwa lonjezolo ndi la intaneti yofika pa rauta, osati ya wifi ya kuchipinda cham'mwamba.

Kusamuka nyumba sikuthetsa kontirakiti pakokha. Makampani ambiri amafuna kuti mupite nayo, ndipo ena amakulowetsani mu kontirakiti yatsopano posamutsapo, choncho funsani zimenezo musanavomere tsiku. Ngati kumene mukupitako kampaniyo sifika, ena amakhululuka chindapusa mukaonetsa umboni wa adilesi yatsopano, ena ayi.

Makampani ena, monga EE, Sky ndi Vodafone, akhala akulonjeza kubweza gawo la chindapusa chimene kampani yakale yakulipiritsani. Chindapusacho mumayamba mwalipira nokha, kenako mumatumiza bilu yomaliza ngati umboni nthawi imene anaika isanadutse, ndipo ndalamazo zimabwera ngati zochotsera pa mabilu a kutsogolo, osati m'manja. Zili ndi malire ake, choncho funsani kaye kampani yakale kuti chindapusa chanu ndi zingati lero, muone ngati chikulowa m'malirewo musanasaine kalikonse.